Mwala ndi Cifaniziro Cace

Caka ca 1790 anthu okumba m'bwalo lalikulu la mzinda wa Mexico anapeza fano lamwala, lalitali kupitirira mapazi 8. Linali la Coatlicue, mulungu wamkazi wa Aaziteki. Cobvala cace ndico njoka zolukanalukana. M'khosi mwace muli mkanda wa manja ndi mitima ya anthu. Ndipo poyenera kukhala mutu pali njoka ziwiri zoyang'anizana.

Fanolo analiika pa Yunivesite, koma posakhalitsa ansembe anaona kuti eni dziko alikudza kudzaligwadira ndi makandulo oyaka. Tsono analikwirira pansi. Mu 1803 analifukula kuti mlendo Alexander von Humboldt alione, nalikwiriranso. Mu 1823 Mngelezi William Bullock anaumba cikombole pa fanolo, ndipo caka cotsatira cifaniziro cace ca pulasitala cinaonetsedwa ku Egyptian Hall, mu London, kwa ali yense wolipira pakhomo.

Kodi anthu a ku London aja anaona Coatlicue, kapena anaona cinthu cina? Kunena zoona, cikombole sicinama. Monga njerwa ituluka ndi maonekedwe a cikombole cace, momwemo mamba onse a njoka zija anatuluka osasowa limodzi. Wophunzira wosakhoza kuoloka nyanja amathandizidwa naco, ndipo mwala ukasweka cifaniziro cimatsala ngati mboni. Zimenezi si zazing'ono.

Koma pulasitala ija panalibe anaigwadira, panalibenso anaganiza zoikwirira. Apa ndipo pagona nkhani. Ansembe aja, ngakhale anacita cosalungama pobisira ana colowa ca makolo ao pamene alendo anali kuonetsedwa, anadziwa kuti mwalawo unali kulankhulabe kwa eni ace. Pakuti munthu sabvutika kukwirira cinthu cimene saciopa. Oonerera a ku London anapenya mosaopa, nazizwa ndi luso, napita kwao kukadya. Mwina wodana nalo fanolo analimvetsa koposa wolitama.

Kuyambira 1964 mwala weniweniwo uli m'nyumba yaikulu yosungiramo zinthu zakale ku Chapultepec, mu mzinda womwewo. Kunsi kwace, kumene kumakhudza nthaka, kuli cithunzi ca Tlaltecuhtli, mulungu wa dziko lapansi, cosemedwa mosamala ngati mbali zinazo. Mmisiri posema pamenepo anadziwa kuti fanolo likaimikidwa palibe diso la munthu lidzapaonenso.