Tsoka kwa dziko loiwala msanga

Tsoka kwa iwe, Zambia! Nkhokwe zangodzaza chaka chimodzi, ndipo waiwala kale 2024.

Kwa mfumu Pembamoyo sanaiwale. Funsani amayi a kumeneko. Funsani ku Chadiza konse mpaka kumalire ndi Mozambique. Anabzala ndi mvula yoyamba. Anapalira. Anathira feteleza wangongole. Ndiye chimanga chitayamba kutulutsa ngayaye, pomwe chimafuna madzi koposa, kumwamba kunatseka. January anadutsa, February analowa, dzuwa likuswa mtengo. Masamba anapiringizika. Mapesi anauma chiimire, osabereka.

Pa 29 February 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lagwa m'tsoka. Mahekitala pafupifupi 1 miliyoni mwa 2.2 miliyoni a chimanga anali atapsa, m'maboma 84 mwa 116. Mu 2023 tinakolola matani oposa 3 miliyoni. Mu 2024, matani 1.5 miliyoni okha. Madzi a ku Kariba anatsika, magetsi anazima, zigayo zinaima.

Mudzati ndi El Niño. Inde, ndi iyeyo. Nyanja ya Pacific ikatentha, mvula imathawa kum'mwera kwa Africa kuno. Tinaziona mu 1992, tinaziona mu 2016. Akatswiri a zanyengo anachenjeza makasu asanalowe m'munda. Ndiye musanamizire Mulungu. Mvula inakana yokha, koma njala tinaiitana ife.

Inu nduna, inu akuluakulu a zaulimi, imvani! Zaka zonsezi FISP, ndondomeko ya boma yothandiza alimi ndi feteleza ndi mbewu, yakhala ikuphunzitsa mlimi kuti chakudya ndi chimanga basi. Mapira ali kuti? Mawere ali kuti? Chinangwa, khobwe, nandolo, mbewu zomwe agogo athu ankapulumukira mvula ikadula, munazisandutsa zochititsa manyazi. Ku Msekera, pafupi ndi Chipata pomwepa, kuli malo ofufuza zaulimi. Nanga n'chifukwa chiyani mbewu zopirira chilala sizifika m'manja mwa mayi wamasiye wa kwa Pembamoyo? Madamu mumalonjeza pa msonkhano. Ulimi wothirira mumautchula pa wailesi. Mlimi akudikirabe mtambo.

Inu mavenda, a sikelo zonama! Mumafika pakhomo mwezi wokolola, mwana atabwezedwa kusukulu, n'kugula thumba pa mtengo wachipongwe. Njala ikavuta, mumabwera nacho chimanga chomwecho, mtengo mutauwirikiza. Mumatero, kenako Lamlungu mukakhala mpando wakutsogolo m'tchalitchi.

Inu mafumu ndi manduna anu, mapiri anavula mukuyang'ana. Misuku, mitondo, misangu, zonse zapita m'ng'anjo za makala ndi m'zigafa za fodya. Mvula ikagwa sikulowanso pansi. Imathamanga, imakokolola chonde, imakwirira mitsinje ndi mchenga, ndipo madimba amauma August asanathe. Musaloze wootcha makala yekha. Iyeyo ndi njala yamutuma. Matumba aja ondandalikidwa m'mbali mwa Great East Road amagula ndani? Ndi ife a m'tauni, a ku Chipata ndi ku Lusaka, amene timadandaula za nyengo tili pa mbaula.

Ndi inunso, maiko olemera. Utsi wotenthetsa dziko ndi wanu. Mlimi wa ku Chadiza ali ndi khasu ndi njinga. Fakitale alibe. Ndege sanakwerepo. Munapangana za nyengo ku Paris mu 2015, munagwirizana ku Sharm el-Sheikh mu 2022 za thumba lolipirira zowonongeka. Iye akugonabe ndi mango owiritsa m'mimba. Misozi yake ili pamutu panu.

Mu 2025 mvula inabwera, tinakolola matani oposa 3.6 miliyoni, ndipo mwayamba kale kudziguguda pachifuwa ngati ndinu munagwetsa mvulayo. Chilala chidzabweranso. Chidzapeza nthaka yotentha kuposa kale, mitengo yochepa kuposa kale, pakamwa pochuluka kuposa kale. Tsiku limenelo ana anu adzakufunsani chimene munachita chaka cha zokolola, ndipo simudzakhala ndi poyankha.

Kumbani madamu tsopano. Bwezerani mapira ndi chinangwa m'minda. Lekani nkhwangwa m'mapiri a kwa Pembamoyo, nkhokwe zisanapsenso.