Mkono wogenda anyani

Kuyambira tili ana takhala tikuuzidwa kuti kanthu n'khama. Mawuwa sindikuwatsutsa, koma ndimaona kuti pali mbali ina imene amaisiya, ndipo tikaiwala mbaliyo timasanduka anthu ouma mtima.

Kuli masewera otchedwa baseball, otchuka ku America, Japan ndi Korea. Munthu wofunika zedi m'menemo ndi woponya mpira. Amaima mamita 18 kuchokera pa womenya n'kuponya kampira kolimba, ndipo akatswiri amakathamangitsa makilomita oposa 150 pa ola. Chuma chake chonse ndi mkono wamphamvu ndi diso losaphonya, basi.

Ku Italy masewerawa satchuka kwenikweni, mfumu ndi mpira wamiyendo ngati kwathu kuno. Komabe mnyamata wina wobadwira ku Cesena, Alessandro Maestri, anasaina ndi Chicago Cubs mu 2006. Anakhala zaka zingapo m'matimu aang'ono a kalabuyo osafika mu ligi yaikulu ya ku America, kenako anakasewera ku Australia, ku Japan mu timu ya Orix Buffaloes, mpaka ku Korea. Mu 2024 Samuel Aldegheri wa ku Verona anasewerera Los Angeles Angels, n'kukhala woponya woyamba wobadwira ndi kukulira ku Italy kulowa mu ligi yaikuluyo.

Khama anali nalo anyamatawa, zimenezo n'zosachita kufunsa. Koma baseball inawapeza bwanji? Asilikali a ku America atafika ku Nettuno mu 1944, nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anthu akumeneko anatengera masewerawa, ndipo pofika 1948 Italy inali ndi ligi yakeyake. Awiriwa anabadwa mabwalo alipo kale, makochi alipo kale. Zimenezi sanazigwirire ntchito, anangozipeza.

Tsopano taganizirani za kuno ku Ntchisi. M'minda yoyandikana ndi nkhalango, chimanga chikayamba kukhwima, anyamata amatandala akuthamangitsa anyani. Ena mwa iwo akatola mwala saphonya, ndipo nyengo ya mango aliyense amadziwa woti akagende ndani. Mwina pakati pawo pali mkono woposa wa Maestri. Palibe amene adzaupime. Mwini wake adzakula, adzalima soya kapena fodya, adzakalamba osadziwa kuti kwinakwake anthu amalipidwa chifukwa cha mkono ngati wakewo. Kodi ameneyu tinene kuti analibe khama? Munthu angalimbikire bwanji masewera amene sanawaonepo?

Umboni tili nawo kwathu konkuno. Tabitha Chawinga anakulira ku Rumphi akusewera ndi anyamata, nthawi imene ambiri ankati mpira si wa atsikana. Anapeza timu ya DD Sunshine ku Lilongwe, kuchoka apo anapita ku Sweden, ndipo mu sizoni ya 2022/23, ali ku Inter Milan, anamwetsa zigoli 23, kuposa wina aliyense mu ligi ya amayi ya ku Italy komweko. Mng'ono wake Temwa anamwetsa 20 mu 2024 ku Kansas City Current. Miyendo ndi yawo, thukuta ndi lawo. Koma pakanapanda timu ya atsikana ku Lilongwe ija, bwenzi tikuwadziwa? Nanga a Tabitha ena angati akutunga madzi ku Malomo kapena kwa Nthondo pano tikunena pano?

Wina ati, ndiye tingokhala pansi eti, poti zonse ndi mwayi? Ayi aise. Anzake a Maestri ambiri anali ndi mabwalo omwewo koma sanafike ku Japan. Bwalo silimuponyera munthu mpira. Mfundo yanga ndi yakuti khama limabereka pamene lapeza pogwera, ndipo pogwerapo nthawi zambiri amakonza ndi anthu ena, ena mwa iwo anamwalira ife tisanabadwe.

Izi zikutikhudza ife amene tinafika ku yunivesite. Timakonda kulemba pa Facebook kuti tinazivutikira tokha, kenako n'kumayang'ana anzathu otsala kumudzi ngati aulesi. Ine ndinaphunzira limodzi ndi atsikana amene ankandiposa masamu kutalitali. Ine fizi inapezeka, iwo sinapezeke. Kusiyana kwathu kunayambira pamenepo, osati m'mutu.

Ndiye ngati zinakuyenderani, nyadirani thukuta lanu, n'lanu ndithu. Koma dziwaninso kuti muli ndi ngongole, ndipo amene anakukongozani ambiri simungawabwezere. Mungabwezere kwa amene akubwera m'mbuyo: mpira umodzi ku sukulu ya pulayimale ya kwanu, fizi ya teremu imodzi, kapena kungomuuza mwana kuti chimene amachita bwinocho chili ndi dzina, ndipo kuli anthu amene amadyera chomwecho.