Sikelo Ikakukomera

M'minda ya tiyi ya ku Honde Valley ndi ku Chipinge, ku Zimbabwe, kumene zidzukulu za Amalawi ndi Amozambiki zikuthyolabe masamba, sikelo ndiyo imaweruza thukuta la munthu. Wothyola amapereka dengu lake, kalaliki n'kulemba makilogalamu. Sikelo ikaonetsa zochepa, wothyola amaikayikira. Ikaonetsa zambiri, amaikayikira ndi kapitawo. Koma ndani amakayikira sikelo imene yamukomera?

Funso lomweli linawagwera asayansi ku Ulaya. Mu Seputembala 2011, gulu la kafukufuku lotchedwa OPERA linalengeza zodabwitsa. Tinthu ting'onoting'ono totchedwa neutrino, totumizidwa kudzera pansi pa nthaka kuchokera ku CERN, pafupi ndi Geneva, kukafika ku Gran Sasso ku Italy, mtunda wa makilomita pafupifupi 730, tinkaoneka kuti tafika msanga kuposa mmene kuwala kukanafikira. Kusiyana kwake kunali magawo 60 mwa magawo biliyoni imodzi a sekondi. Komatu chiphunzitso cha Albert Einstein cha mu 1905 chimati palibe chinthu chingapitirire kuwala, kumene kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi.

Apa sikelo inali itawakomera. Zikanakhala zoona, mayina awo akanamveka mpaka kalekale. Iwo sanathamangire kunena kuti Einstein wagwa; anapempha anzawo kuti awathandize kufufuza pamene palakwika, ndipo eni akenso anapitiriza kufufuza. Mu Febuluwale 2012 anaulula okha kuti chingwe chobweretsa uthenga wa nthawi kuchokera ku GPS sichinalumikizidwe bwino, ndiponso kuti wotchi ina inkayenda molakwika. Mu Malichi gulu lina, ICARUS, linapeza kuti tinthuti sitipitirira kuwala. Mwezi womwewo mneneri wa OPERA, Antonio Ereditato, anatula pansi udindo.

Ena amati anachita phuma polengeza, ndipo mwina ali ndi mfundo. Koma tikamaseka munthu woulula kulakwa kwa chida chake, timaphunzitsa ena kubisa. Kalaliki wodziwa kuti akanena zoti sikelo yafa achotsedwa ntchito, adzakhala chete, ndipo amene aluze ndi mayi wothyola tiyi pamame.

Kudandaula sikelo ikakubera n'kosavuta. Njala yokha imakuphunzitsa. Chilungamo chimayesedwa tsiku limene singano yapendekera mbali yako, palibe wina waona, iwe n'kunena kuti, "A kalaliki, tayezaninso."