Kodi Munthu Amachepa Pamene Msinkhu Wake Ufupika?

JOUBERT PARK ndiyo paki yakale koposa mumzinda wa Johannesburg, ku South Africa. Inakhazikitsidwa pambuyo pa kupezedwa kwa golidi mu 1886, ndipo lerolino njozingidwa ndi nyumba zosanja, malo okwerera minibasi, ndi chinamtindi cha anthu opita ndi ochokera ku Park Station. Kumbali yake ya kummwera kuli nyumba ya Johannesburg Art Gallery, imene inalinganizidwa ndi Edwin Lutyens ndi kutsegulidwa mu 1915. Komabe, kwa zaka zambiri zithunzithunzi zimene anthu wamba anaziŵerengera koposa zinali zojambulidwa panja, ndi amuna oimirira m'tinjira ta pakiyo atakoloŵeka makamera m'khosi. Kuchiyambi kwa ma 2000 ojambula ameneŵa analipo makumi angapo, aliyense ndi malo akeake.

Ambiri amene anadzajambulitsa anali alendo mumzindawo, ochokera kumidzi ya South Africa ndi kumaiko oyandikana nalo, kuphatikizapo Malaŵi, Mozambique, ndi Zimbabwe. Kaŵirikaŵiri chithunzicho chinali kutumizidwa kumudzi monga umboni wakuti zinthu zili bwino ku Joni. Chotero wojambulidwayo anali kuvala zovala zake zabwino koposa, kutukula mutu, ndi kuima njo. Ndani angafune kuoneka wamfupi pachithunzi chopita kwa amake?

Koma zaka zimapita. Mwamuna amene anajambulitsa ali ndi zaka 30 angaone pofika zaka 70 kuti buluku la utali womwewo tsopano likukhwekhwereza pansi, ndi kuti mwana amene anali kumlekeza m'mapeŵa akumuyang'ana chozolika. Zimenezi zimadzutsa funso limene tepi yopimira singayankhe: Kodi chimene chachepa nchiyani kwenikweni, ndipo kodi achichepere okhala ndi munthu woteroyo ali ndi thayo lotani kwa iye?

Kodi Msinkhuwo Umapita Kuti?

Mafupa a miyendo samafupika kwenikweni. Kusinthako kumachitikira makamaka kumsana. Msana wa munthu wamkulu uli ndi mafupa 24 okhoza kugwedezeka, osanjikizana, ndipo pakati pa pafupifupi onsewo pali tizidutswa ta chichereŵechereŵe timene timagwira ntchito ya nkhata, kutetezera fupa lina kuti lisakhulane ndi linzake. Tinkhata timeneti tilipo 23, ndipo pamodzi timapanga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a utali wa msana. Tili ndi madzi ambiri. Masana kulemera kwa thupi kumafinya ena a madziwo, ndipo usiku munthu atagona amabwereramo. Nchifukwa chake munthu aliyense, ngakhale mnyamata, amakhala wamtali ndi sentimita imodzi kapena kuposerapo m'maŵa kusiyana ndi madzulo.

Ndi ukalamba tinkhatato timauma ndi kuphwa, monga momwe nkhata ya nsanza imaphwera itasenzedwerapo mitsuko yambiri. Minofu yochirikiza msana imafooka, mapeŵa amagwera kutsogolo, ndipo ngakhale mphako ya kuphazi imatsika pang'ono. Kufufuza kochitidwa ku Baltimore, United States, kumene kunapima anthu amodzimodziwo mobwerezabwereza kwa zaka zambiri ndi kufalitsidwa mu 1999, kunapeza kuti pakati pa zaka 30 ndi 70 amuna anataya pafupifupi masentimita 3 ndipo akazi masentimita 5. Pofika zaka 80, amuna anali atataya masentimita 5 ndipo akazi 8.

Kufupika kotereku nkwachibadwa, ndipo kumafikira wolemera ndi wosauka yemwe.

Pamene Kufupika Kuli Chenjezo

Komabe, pali kufupika kwina kumene sikuli kwa zaka zokha. Mafupa amafika pakulimba kwake kotheratu munthu akamayandikira zaka 30, ndiyeno amayamba kupepuka pang'onopang'ono. Mwa akazi kupepukako kumafulumira atasiya kusamba, pamene homoni yotchedwa estrogen ichepa m'thupi. Mafupawo akafika pokhala ngati mtengo wofumbwa, nthendayo imatchedwa osteoporosis. Pamenepo fupa la msana lingatiswanyike kaamba ka chinthu chaching'ono, monga kunyamula chidebe cha madzi kapena kugwedezeka kwa basi pamsewu wokumbika. Akatswiri amayerekezera kuti pafupifupi ziŵiri mwa ngozi zitatu zoterozo sizimadziŵika konse kwa dokotala. Wodwalayo amamva msana kupweteka kwa milungu ingapo, namwa mankhwala opha ululu, ndipo pambuyo pake amatsala wamfupi ndi woŵerama kuposa kale.

Kwa nthaŵi yaitali ambiri analingalira kuti imeneyi ndi nthenda ya azungu. Koma kufufuza kwa ku South Africa kofalitsidwa mu 2015 kunasonyeza kuti kusweka kwa mafupa a msana kunali kupezeka mwa akazi akuda monga momwe kunalili mwa akazi achizungu. Ndiponso amuna saali otetezereka. Ku Britain, ofufuza anatsatira amuna oposa 4,000 kwa zaka 20, ndipo mu 2006 anasimba kuti awo amene anataya masentimita 3 kapena kuposerapo anali paupandu wa imfa wokulirapo ndi 64 peresenti poyerekezera ndi amene anataya osafika sentimita imodzi. Sikuti kufupikako ndiko kunawapha. Kunali chizindikiro chooneka cha kufooka kobisika kwa mafupa, minofu, ndi mtima.

Chenjezo lina nlofunika kwambiri kummwera kwa Afirika. TB ingaloŵe m'mafupa a msana ndi kuwadya kufikira munthu atatuluka linunda, ndipo ikachedwa kupezedwa ingapuwalitse miyendo. Nthendayo njochiritsika. Koma kodi ndani adzapita nayo kuchipatala ngati onse panyumba agwirizana kuti 'ndi ukalamba basi'?

Liwu Limodzi, Matanthauzo Aŵiri

M'Chicheŵa liwu lakuti "msinkhu" limanena ponse paŵiri utali wa thupi ndi zaka za munthu. Mofananamo, "wamkulu" angakhale munthu wathupi lalikulu kapena wobadwa kale. Paubwana matanthauzo aŵiriwo amayendera limodzi: mwana akamatalika, zaka nazonso zikuwonjezereka. Ndiyeno amafika posiyana. Ponena za gogo wamkazi amene wayamba kuyendera ndodo, anthu amati, "Akula amayiŵa," panthaŵi yeniyeniyo imene thupi lake likucheperachepera. Ndithudi, amene anaumba mawu ameneŵa anali ndi maso. Anaona bwino lomwe kuti nkhalamba zimafupika, komabe anazisungira dzina la ukulu.

Mwambo unachirikiza mawuwo ndi thupi. M'midzi ya ku Malaŵi, kummaŵa kwa Zambia, ndi m'chigawo cha Tete ku Mozambique, mwana woleredwa bwino samalankhula ndi wamkulu ataimirira pamene wamkuluyo wakhala pansi. Mtsikana amagwada, mnyamata amanjuta, ndipo chinthu chimaperekedwa ndi manja aŵiri. Talingalirani tanthauzo lake. Chibadwa chikatsitsa wachikulire, wachichepere amadzitsitsa koposerapo, kotero kuti mutu wa imvi umakhalabe pamwamba. Mwambi umati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo dambo, monga aliyense adziŵa, ndiwo malo otsika.

Si nkhalamba zonse zimene zili ndi nzeru, ndipo kugwada kungachitidwe ndi mtima wonyoza. Kumidzi komweko okalamba ena anenezedwa ufiti ndi kuchitidwa nkhanza, mwina chifukwa cha nkhope yamakwinya ndi msana wopindika womwewo. Chotero mwambo pawokha sunatetezere onse. Ngakhale zili choncho, unaphunzitsa mwana aliyense, asanadziŵe nkuŵerenga komwe, kuti mtengo wake wa munthu sumapimidwa kuchokera kuphazi kufika kumutu.

Misana Imene Inatsikira Pansi pa Nthaka

Mzinda wa Johannesburg unamangidwa pamuyezo wina. Kwa zaka makumi ambiri bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi, lodziŵika ndi dzina lakuti Wenela, linasonkhanitsa amuna m'maiko ozungulira. Asanalembedwe, anali kuvulidwa malaya, kupimidwa thupi, ndi kuikidwa pasikelo. Woonda ndi wodwala anali kubwezedwa. Kuchiyambi kwa ma 1970 Amalaŵi oposa 100,000 anali kugwira ntchito m'migodi ya South Africa. Boma la Malaŵi linaimitsa kulembako mu 1974, ndege yonyamula ogwira ntchito obwerera kwawo itagwa ku Francistown, Botswana, ndi kupha oposa 70. Kunayambanso pamlingo wochepa mu 1977 ndi kuthanso mu 1988.

Pansipo, pamene mwala wa golidi unali kukumbidwa, denga kaŵirikaŵiri linali pamtunda wa mita imodzi yokha kapena kuposerapo pang'ono. Amuna osankhidwa kaamba ka nyonga yawo anathera maola ambiri patsiku atanjuta kapena atagwada, akumaboola thanthwe ndi kukokolola miyala. Fumbi la mwalawo linawononga mapapu a ambiri ndi kutsegulira njira TB. Mu 2018 makampani angapo a golidi anavomera kupatula ndalama zokwana R5 biliyoni zolipira odwala silicosis ndi TB, ndipo mu 2020 bungwe la Tshiamiso Trust linakhazikitsidwa kuti ligaŵe ndalamazo, kuphatikizapo kwa amene anabwerera kumaiko akwawo. Panthaŵiyo ambiri anali atamwalira kale.

Kungakhale kulakwa kunena kuti msana uliwonse wopindika unapindidwa ndi mgodi. Monga momwe kwasonyezedwera, zaka zokha zimafupikitsa aliyense. Koma nzoona kuti ntchito yakalavula gaga, zakudya zopereŵera paubwana, ndi matenda osachiritsidwa zimasiya chizindikiro m'mafupa. Mkazi amene wasenza nkhuni, madzi, ndi mitolo ya malonda kwa zaka 50, ndi amene wachapa ndi kukolopa m'nyumba za ena ataŵerama, samafika paukalamba ndi msana wofanana ndi wa munthu amene anali kumgwirira ntchitoyo. Ena mwa masentimita otayikawo anasanduka malata a nyumba kumudzi ndi fizi ya ana amene tsopano ngaatali kuposa makolo awo.

Ena sanabwerere konse. Kwawo amatchedwa matchona. Lerolino mbadwo watsopano wa Amalaŵi umafika ndi mabasi odzera ku Tete ndi Beitbridge kudzagwira ntchito m'minda ya maluŵa, m'masitolo, ndi pomanga nyumba, ndipo nawonso adzakalamba. Lamulo lalikulu la South Africa la mu 1996 limazindikira ulemu wachibadwa wa munthu aliyense. Komabe ndalama ya boma yothandizira okalamba, yoyambira pazaka 60, imaperekedwa kwa nzika, kwa ololedwa kukhala m'dzikomo kwachikhalire, ndi kwa othaŵa kwawo ovomerezedwa. Mlendo wopanda mapepala amene nyonga yamthera alibe choloŵa. Pamzere wa ofuna ganyu, bwana amasankha wamapeŵa otambalala, monga momwedi Wenela inali kuchitira. Ndipo m'makwalala opanikizana ozungulira Joubert Park palibe amene ali ndi malo, kapena nthaŵi, yogwadira munthu.

Ulemu Umene Umapenya

Pamenepa pali misampha iŵiri. Woyamba ndiwo kuona munthu wofupika monga wotha ntchito: kumlankhula mokweza ngati mwana, kumpangira zosankha iye ali pomwepo, kukambitsirana pamwamba pa mutu wake. Msampha umenewu ngwosavuta kuuzindikira.

Wachiŵiri ngwobisika kwambiri, pakuti umavala chovala cha ulemu. Ana ena amaopa kutchula kuti amayi awo afupika, akumalingalira kuti kungakhale chipongwe. Amawapatsa moni mwaulemu, amawatumizira ndalama mwezi ndi mwezi, koma samafunsa chifukwa chake chitenje chimene chinali kulekeza m'akakolo tsopano chikukhudza pansi. Makolowo nawonso amabisa ululu, posafuna kulemetsa mwana amene akuvutika kale ndi lendi. Mwanjira imeneyi aŵiriwo amalemekezana mwakachetechete kufikira tsiku limene wokalambayo agwa ndi kuthyoka fupa la m'chiuno. Kodi umenewo ungatchedwe ulemu? Munthu amene wasweka fupa limodzi la msana ali paupandu waukulu wa kusweka lina, ndipo mankhwala ochepetsa upanduwo alipo. Kukhala chete kumamlanda mwaŵi umenewo.

Chofunika nchaching'ono. Wachikulire angaimikidwe chotsamira khoma, wopanda nsapato, kamodzi pachaka, panthaŵi imodzimodzi ya tsiku, ndi kulemba chizindikiro, monga momwe makolo amachitira ndi ana amene akusinkhuka. Madokotala ambiri amalangiza kupimitsa msana ngati munthu wafupika ndi masentimita 4 kapena kuposerapo kuchokera pamsinkhu wa paunyamata wake, kapena masentimita 2 pakati pa kupima kumodzi ndi kotsatira. Kupweteka kwa msana kodzidzimutsa, kapena kotsagana ndi kuonda ndi kutuluka thukuta usiku, sikuyenera kudikira chaka. Usipa, matemba, ndi kapenta, zodyedwa ndi minga yomwe, zimapatsa thupi kashiamu, monganso mkaka ndi ndiwo zamasamba zonga bonongwe. Dzuŵa limathandiza khungu kupanga vitamini D, chinthu chimene wokalamba wobindikira m'chipinda cha pansanjika yachikhumi ku Hillbrow angachisoŵe. Kuyenda tsiku ndi tsiku kumalimbitsa mafupa, pamene fodya ndi moŵa wambiri zimawafooketsa.

Kwa mlendo, ngakhale ulendo wa kuchipatala ungafune kulimba mtima. Mu 2025 magulu otsutsa alendo anaima pazipata za zipatala zina za boma mu Johannesburg ndi kubweza anthu opanda ziphaso za dzikolo, ndipo khoti lalikulu la mumzindawo linagamula mu November chaka chimenecho kuti anthu wamba alibe mphamvu ya kuchita zimenezo. Nkhalamba yolankhula Chicheŵa, yosamva bwino Chizulu kapena Chingelezi, imene inabwezedwapo kamodzi, mwachionekere sidzapitanso yokha. Pafunikira wachichepere wolola kutaya malipiro a tsiku limodzi, kuima nayo pamzere kuyambira mbandakucha, ndi kufotokozera namwino kuti agogoŵa zaka zisanu zapitazo anali kufikira shelefu imene lero sakuifikira.