Maola Awiri Okafikira ku Joni

Abale anga a ku Phalombe, kaya muli ku Migowi, kaya ku Chiringa mphepete mwa Michesi, tatsekulani chitseko pang'ono, kunja kwayera.

Ndege ikanyamuka pa Chileka kupita ku Johannesburg imauluka mtunda wa makilomita pafupifupi 1,350. Maola awiri ndi mphindi zochepa, yatera. Amene analowa m'munda ndege ikunyamuka amakhala asanaweruke.

Koma ana athu ambiri amene ali ku Joni sanapite choncho. Anakwera basi. Anatulukira pa Mwanza, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kudikira pamzere ku Beitbridge miyendo itatupa. Usiku unawapeza panjira, ena mausiku awiri. Mzinda ndi womwewo, koma iwo anaufika atautopera.

Ndiye tikamati mwana watalikira, tikumbukire kuti njira imene anadzera amaidziwa ndi thupi lake, ndipo kubwerera sikophweka. Mwina n'chifukwa chake Khirisimasi ina imadutsa osamuona.

Musamudikire kuti ayambe ndiye. Lero, mukamwa tiyi, muimbireni foni, mumufunse mmene wadzukira.