Kubecherana pa Cinsinsi ca Mnzako

Anthu akatsutsana pa nkhani, kawirikawiri amabecherana. Wina amati, "Ndikapezeka wonama, utenge mbuzi yanga." Kubecherana kotere kumafuna umboni, koma ndi ocepa amene amayamba afunsa kuti umboniwo ndi wa yani.

M'caka ca 1951 Sir Hugh Beaver, mkulu wa kampani yofulula mowa ya Guinness, anapita kukasaka mbalame ku Wexford m'dziko la Ireland. Kumeneko anatsutsana ndi anzace za mbalame yosakidwa imene imathamanga koposa zinzace zonse ku Ulaya. Atafunafuna m'mabuku sanapeze yankho, ndipo anaganiza kuti payenera kukhala buku lothetsa makani otere. Mapasa awiri, Norris ndi Ross McWhirter, anasonkhanitsa nkhanizo, ndipo m'caka ca 1955 buku la The Guinness Book of Records linaturuka. Makani a mtundu umenewu sapweteka munthu, pakuti liwiro la mbalame ndi kutalika kwa phiri ndi zinthu za anthu onse.

Koma alipo makani ena amene umboni wace uli ndi mwini. Citsanzo ndi ici. Amuna awiri a mudzi umodzi ali m'gulu la pa WhatsApp la anthu akwao, ndipo mnzao wacitatu ali ku Johannesburg. Woyamba akuti mnzaoyo akadali pa nchito, ndipo atumiza ndarama zokonzera mjigo. Waciwiri akuti nchito inamuthera kale. Makani atakula, abecherana mbuzi. Waciwiriyo akudziwa zoona, cifukwa mnzaceyo anamlembera usiku wina, nampempha kuti asauze munthu kufikira atapeza nchito yina. Akangotumiza uthengawo ku gulu, mbuziyo ndi yace. Kodi autumize?

Ena adzati palibe colakwa, popeza munthuyu sakunama. Koma kuti mau ndi oona sikupatsa munthu mphamvu ya kuwagawa. Cinsinsi ciri ngati ciweto coikiza. Munthu amene mnansi wace wamsungitsa ng'ombe amaidyetsa ndi kuitsekera m'khola, koma sangaigulitse kuti alipe ngongole yace. Momwemonso wouzidwa cinsinsi ali wosunga cabe. Akaciulula kuti apambane makani, ndiye kuti walipira ulemu wace ndi cuma ca mwini.

Kale mau onenedwa pansi pa mtengo ankamvedwa ndi okhala pomwepo, ndipo pakupita kwa masiku ankaiwalika. Lero si tero. Kuyambira m'caka ca 2022 gulu limodzi la pa WhatsApp lingathe kukhala ndi anthu 1,024, ndipo ali yense wa iwo angathe kujambula uthenga ndi kuutumiza kwina. Mkazi wa munthu uja, apongozi ace ndi amene anamkongoza ndarama angaone uthengawo dzuwa lisanalowe. Akulu amati madzi akatayika saoleka. Malamulo akulu a dziko la Malawi a 1994, pa gawo 21, amateteza makalata ndi mauthenga a munthu kuti asalowereredwe. Koma lamulo silingalondere bwenzi limene munthu analiuza yekha. Mlonda wace ndi cikumbumtima cokha.

Nanga munthu waciwiri uja acite ciani? Poyamba abvomere kuti analakwa tsiku lomwe anabecherana, pakuti pakutero anayamba kale kutsegula citseko ca mnzace. Kenaka afunse mwini nkhaniyo ngati alola kuti idziwike. Akakana, kwatsala njira imodzi: kukhala cete ndi kupereka mbuziyo, ngakhale akudziwa kuti iye ndiye anali wolondola. Zimenezi n'zowawa. Anthu adzamseka, ndipo ena adzamyesa wabodza kwa masiku ambiri.

Komabe zotayika ziwirizi sizilingana. Mbuzi imabadwanso m'khola, ndipo kuseka kwa anthu kumatha nkhani yina ikabwera. Koma munthu amene cinsinsi cace cagulitsidwa sadzalemberanso ali yense pa tsiku la mabvuto, ndipo adzasenza katundu wace yekha ku dziko la eni. Cifukwa cace munthu wanzeru, asanagwirane canza ndi mnzace pobecherana, ayambe wafunsa mumtima mwace ngati umboni umene adzaonetse uli wace kapena woikiza.