Mapazi Oŵerengedwa ndi Mapazi Osaŵerengedwa

Kwathu kuno ku Ntcheu munthu wamkulu sayenda chabe. Tikakumana naye panjira, titapatsana moni, timamfunsa kuti, "Ulendowu ngwa kuti?" ndipo timayembekeza kumva za kumunda, kumaliro kapena kuchigayo. Akayankha kuti, "Ndikungoyenda," ena amati mutu wayamba kusokonekera, ena amati pali chimene akubisa.

Komatu anthu otere tayamba kuwaona pa boma, m'mbali mwa mseu wa M1 dzuŵa likapendeka: mphunzitsi, kalaliki, mwini sitolo, aliyense akuyenda mwandaŵala, maso ali pa foni. M'fonimo muli pulogalamu, monga ya Samsung Health, imene imamva kugwedezeka kwa thupi niŵerenga mapazi. Imamkumbutsa mwini wake akakhalitsa pampando, nimuyamikira akakwanitsa chiŵerengero chimene anadziikira, kaŵirikaŵiri mapazi 10,000. Kodi n'koyenera kuti munthu wanzeru zake auzidwe ndi kachipangizo kuti, "Dzuka, yenda"?

Tisafulumire kuseka. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita pamodzi ndi bungwe la WHO m'chaka cha 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malaŵi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Tonse tikudziŵa nyumba imene bambo anagwa mwadzidzidzi nafa ziŵalo. Ife amene tinapita kusukulu tinkalakalaka mpando, ndipo mimba itatuluka anthu anati zatiyendera. Nafenso ansembe tisadzipatule: nthambi za parishi zimene akale ankafikako pansi kapena pa njinga yakapalasa, ife timafikako pa galimoto. Walira mvula walira matope. Ngati foni ikukumbutsa munthu kusamala thupi limene anapatsidwa, nimpatsanso yankho loti asachite nalo manyazi panjira, yachita bwino.

Chiŵerengero cha 10,000 chija sichinachokere kwa madokotala. Chinatchuka ku Japan m'chaka cha 1965, pamene kampani ya Yamasa inkagulitsa kachipangizo koŵerenga mapazi. A WHO amalangiza za nthaŵi: mphindi zosachepera 150 pa sabata zogwiritsa thupi ntchito mpaka mtima kugunda mofulumirako. Kulima kuli momwemo, kutunga madzi kuli momwemo, ngakhale kuvina ngoma.

Chimene chikutivuta mumtima n'china. M'chaka cha 2017 akatswiri a yunivesite ya Stanford ku America anasanthula mapazi a anthu oposa 700,000 a m'maiko 111, oŵerengedwa ndi mafoni ao, napeza kuti munthu amayenda mapazi pafupifupi 5,000 pa tsiku. Koma anaŵerengedwa ndi okhawo amene anali ndi foni yotere m'thumba. Mai amene amalaŵira m'bandakucha atasenza dengu la mbatatesi kupita pa msika wa Lizulu kapena wa Tsangano, iye mapazi ake ndani amawaŵerenga? Palibe chomuyamikira, ndipo usiku msana ukamuŵaŵa palibe chomuuza kuti wakwanitsa, apumule. Iye sasoŵa chomkumbutsa kuyenda. Akusoŵa mjigo wapafupi ndi womlandira katundu.

Ndiye taonani mmene tsiku lathu limakhalira. M'maŵa timakwera kabaza ulendo umene tikadayenda pansi mphindi khumi, mnyamata wopalasa nakhetsa thukuta pa chitunda m'malo mwathu. Madzulo timavala nsapato zothamangira kukafuna thukuta lomwe lija tinalikana m'maŵa. Sitikuti wa kabaza alandidwe ntchito yake, pakuti ana ake amadya pomwepo. Tikungoti thukuta la munthu mmodzi lasanduka malonda, la mnzake lasanduka mankhwala, ndipo foni sidziŵa kusiyanitsa.

Sidziŵanso kumene mapazi aloŵera. Amene wazungulira bwalo la mpira kakhumi ndi amene wakaona gogo wodwala kutsidya kwa mtsinje, onse aŵiri imawalembera chiŵerengero chimodzi. Mtima wa m'chifuŵa wapindula mofanana, n'zoona. Koma gogo uja wachezeredwa ndi mmodzi yekha, ndipo ameneyo atafunsidwa panjira kuti ulendo ngwa kuti, anali nalo yankho.